Amuna Anga Akufuna Kutsikira Kumigolo ndi Atsekwe Awo

Agogo Ambrus,

Ndine mayi wachikulire ndipo kulembera nyuzipepala sindinazolowere. Koma nkhaniyi ndikauza mnzanga mmodzi yekha wa mumsewu mwathu muno, ikafika kutchalitchi ine ndisanavale nsapato.

Amuna anga, a Vendel, amaweta atsekwe. Si ambiri ngati a m'mafamu akuluakulu a kuno. Ndi atsekwe oikira mazira amene takhala nawo zaka, ena adzukulu athu anawapeza. Pali wamphongo mmodzi wokalamba amene a Vendel anamutcha Sajeni chifukwa cha kayendedwe kake. Anaswedwera m'khitchini mwanga pafupi ndi mbaula, chaka china kutazizira kwambiri, ndipo choyamba kuchiona pa dziko lino chinali ndevu za a Vendel. Chiyambire pamenepo iwo akamayenda, Sajeni ali pambuyo, ndipo pambuyo pa Sajeni gulu lonse lili ndondondo. Ine amene ndimawathira chimanga m'mawa uliwonse amandijompha m'miyendo.

Chimfine cha mbalame chinayambira pa famu ya abakha ya a Ottó, oyandikana nafe, atsekwe akutchire atangoyamba kudutsa m'mwambamu. Sabata yatha chinalowa kwathu. Ena afa kale. Ena akupotoza khosi kuyang'ana kumwamba, n'kumazungulira pamodzimodzi mpaka kugwa. Dokotala wa ziweto wa boma, mtsikana wina dzina lake Réka, anadzatenga zokayeza, ndipo yankho labwera loti aphedwe onse, odwala ndi abwinobwino omwe. Ogwira ntchito yophayo ali ndi mafamu ambiri pamzere, ndiye atiuza kuti tidikire, atsekwe tiwatsekere m'khola, ndipo pakhomo pano pasatuluke ngakhale nthenga imodzi.

Zoti aphedwe a Vendel sakukana. Mpeni anayamba kuugwira ali mwana, ndipo theka la mumsewu muno limadya tsekwe wa m'manja mwawo pa tsiku la Marteni Woyera. Chawavuta ndi kaphedwe kake. Tsiku limene ankapha abakha kwa a Ottó a Vendel anaima pampanda n'kuona zonse. Anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi ankathamangitsa abakhawo, kuwanyamula, kuwaika m'bokosi lalikulu lachitsulo, kutseka, n'kutsegula mpweya wa m'mabotolo. Akuti ankamva mapiko akumenya chitsulo m'katimo. Anabwera kunyumba n'kukhala pampando chipewa chili kumutu, msuzi mpaka unazizira.

Dokotala uja atabweranso anamufunsa za mpweyawo. Mtsikanayo, maso ali psuu ndi kusagona, anati, "Amangogona, bambo, sazindikira kanthu." A Vendel anati, "Mwana wanga, wogona samenya chitseko." Kenako anafunsa kuti mpweyawo ndi wamtundu wanji. Iye pofuna kuwatonthoza anawauza kuti si poizoni ayi, ndi womwe uja umatuluka vinyo akamawira. A Vendel anangoti "Oho," n'kutembenukira ku chitseko cha chipinda chathu chapansi.

Agogo, nyengo ino mukuidziwa. Mphesa tinafinya, ndipo migolo ikuwira pansi pa nyumba moti ukaima pamwamba pa masitepe umaimva ikung'ung'udza. Tsopano a Vendel akuti ngati mpweya wake ndi womwewo, iwo ali nawo wawo, sakufuna wa boma. Akuti atsekwe awo afere kwawo, popanda mizukwa yoyera yowathamangitsa. Ndinawauza kuti tsekwe satsika masitepe a mumdima ngakhale umukwapule. Anati Sajeni atsika iwo akatsogola, ndipo Sajeni akatsika atsika onse. Nditawafunsa kuti nanga iwowo atulukamo bwanji, anandiseka. Anati, "Iwe nkhalamba, ukundiyesa tsekwe? Mpweyawo umagona pansi, ine mphuno zanga zili pamwamba."

Pa sitepe yoyamba pamakhala kandulo ndi machesi kuyambira nthawi ya apongozi anga, ndipo m'nyengo ino palibe amatsika osayatsa, chifukwa ikazima umadziwa kuti mpweya uja wadzaza, ubwerere. Dzana ndinaipeza kanduloyo m'kabati ya m'khitchini. Akuti imangowapinga m'mapazi. Dzulo anandikhazika pansi n'kuyamba kundifotokozera kasamutsidwe ka vinyo akasiya kuwira, mgolo uti uyambe, uti umadontha. Chikwatirane sanandilolepo kukhudza ngakhale chivindikiro, amati manja anga amasasitsa vinyo. Ndinaseka nawo, koma pambuyo pake ndili ndekha ndinakhala pansi kulemba kalatayi.

Ndiye ndiuzeni zoona. Mpweya wa boma uja ndi imfa yachifundo kapena ayi? Ngati amangogonadi, nenani, chifukwa a Vendel amawerenga tsamba lanu asanawerenge za mpira, ndipo amati mwa anthu onse abodza inu nokha ndi amene amakukhulupirirani. Akaona kalatayi adziwa kuti ndine. Adziwe. Mwana wathu Zsolt amagwira ntchito ku Kecskemét, ndipo a Vendel andiletsa kumuuza, akuti tisamusokoneze ndi nkhani za mbalame. Kukauza dokotala uja za maganizo awowa ndikuona ngati ndikuwapereka amuna anga kwa boma. Nditani?

J.K., Soltvadkert

Mayi J.K.,

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere. Sabata ino inali ya mnyamata wina amene chibwenzi chake chakonda njinga yake yamoto kuposa mwini wake. Ameneyo adikire, matenda ake sapha.

Ikani kaye nyuzipepalayi pansi mupite mukakhome chipinda chapansicho. Loko akhale watsopano, osati uja kiyi wake amagona m'thumba mwa a Vendel. Kazenera kotulukira mpweya kasiyeni kotsegula. Kiyiyo mubise pamalo pamene a Vendel anasiya kalekale kufufuzapo, ndipo malowo mukuwadziwa inu, musandinenetse zambiri pagulu. Vinyo amawira yekha, safuna womuyang'anira. Mwakhoma? Tsopano khalani pansi tikambe.

Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale aphunzitsi atatopa nane, ndiye za m'mabuku sindikunamizani. Koma mpweya umene mukufunsawu ndinaupumapo ndi mphuno zangazi.

Chinali chaka chimene ndinakwatira Piroska. Tinali pabwalo kwa apongozi, tikuwotcha mafuta a nkhumba pamoto n'kumadonthezera pa buledi. Mlamu wanga Gáspár anati akatenge paipi imene anaiwala kumigolo. Amayi ake anamukumbutsa za kandulo, iye anati n'kungolowa n'kutuluka, kandulo ya chiyani. Titaona kuti wachedwa ndinati wakubayo wayamba kulawa yekha, ndipo ndinatsika ndikumunyoza mokweza kuti a pabwalo aseke. Ndinamupeza ali chafufumimba m'munsi mwa masitepe. Ndinawerama kuti ndimugwire kolala.

Mphuno zinalasa ngati munthu wandiuzira tsabola wopera. Misozi inatuluka yokha. Kenako chifuwa chinayamba kukoka mwachokha, kukoka, kukokanso, koma osakhuta, ngati kumwa madzi kutulo. Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso, ngakhale tsiku limene Piroska anapeza palinka wanga, kachasu wa zipatso uja, m'botolo la mankhwala a nsabwe za m'mphesa. Posakhalitsa miyendo inakhala ngati ya munthu wina, ndipo kunada. Za pambuyo pake ndimangomva kwa anthu. Piroska anaima pamwamba, anandikola lamba ndi ngowe yovuulira ndowa m'chitsime, n'kundikoka ndi bambo ake ngati thumba la mbatata. Mpaka lero amati pa nsomba zonse zimene anawedzapo yonyansa ndine. Gáspár anadzamutulutsa ozimitsa moto. Anasiya mkazi ali ndi pakati.

Ndiye mukandifunsa ngati amangogona, yankho langa ndi lakuti ayi. Pali kanthawi kowawa ndi kochititsa mantha. N'kakafupi, koma kalipo, ndipo amene ali m'katimo sakuona kufupika kwake. Kakatha kameneko, palibenso chimene umamva. Ine ankandiguguza pa masitepe a miyala mpaka mano awiri kutsala komweko, koma ndinazindikira ndili pabwalo, galu akundinyambita.

Za atsekwe ndinakafunsa a Benedek, dokotala wa ziweto wopuma ntchito amene amandibera pa makadi Lachisanu lililonse. Akuti mapiko amene a Vendel anawamva, ena ndi a mbalame imene ikulimbanadi ndi mpweya, koma ambiri amabwera mbalame itakomoka kale, thupi likungophiriphitha lokha ngati nkhuku yodulidwa mutu. Akutinso atsekwe ndi abakha amachedwerapo kuposa nkhuku, chifukwa ndi mbalame za m'madzi, zinazolowera kugwira mpweya. Ndipo akuti zambiri zimadalira manja a ogwira ntchitoyo: akapanda kudzaza bokosi mopitirira, mpweya ukakhala wokwanira, akapanda kuthamangira kutsegula, zimatha msanga. Ulipo mpweya wosakaniza umene sulasa kwambiri, koma si magulu onse amayenda nawo.

Kuti ndi imfa yachifundo, liwu limenelo landikulira mkamwa. Chimene ndinganene n'chakuti ndi yofulumira kuposa imene ili m'khola mwanumo panopa, ya kupotoka khosi ndi kuzungulira mpaka kugwa, anzako akukuponda. Mwa imfa ziwirizi, ndikanakhala tsekwe ndikanasankha bokosi, ndikutukwana. Mtsikana uja Réka musamusungire mawu. Munthu amene wakhala akulowa khomo ndi khomo kukauza nkhalamba kuti ziweto zawo zatha amafika potola mawu ofewa amene ali pafupi. Mukamufunsa bwinobwino atakhala pansi, adzakuuzani zomwe ndakuuzanizi, mwinanso zoposa.

Koma za chipinda chapansi, a Vendel asakunamizeni kuti n'chifundo. M'bokosi mpweya amachita kuuyeza. Kumigolo umangogona pansi ngati madzi a m'dambo, pena wambiri pena wochepa. Tsekwe ali ndi khosi lalitali. Ena adzagwa, ena adzasomphola makosi pamwamba n'kumalira mumdima, akukwerana, kwa nthawi imene simungaipirire mutaima pakhomo. Zimene a Vendel anamva kwa a Ottó zidzakhala nyimbo ya ukwati. Pamwamba pa apo mudzakhala mwatulutsa mbalame zodwala m'khola, mwadetsa nyumba yonse, mwaphwanyanso lamulo.

Tsopano ndisiye nthabwala, chifukwa chimene chakuopsani chandiopsanso ine. Munthu amene anakulira m'mphesa sachita kuuzidwa zimene mpweya wa vinyo umachita. A Vendel maliro a anthu otere anapitako, mwina ndi a Gáspár omwe anawamva. Akudziwa kuti wotsogolera atsekwe amawerama. Munthu wotere akachotsa kandulo pa sitepe, n'kuyamba kuphunzitsa mkazi wake ntchito imene anamukaniza moyo wonse, ine sindikhulupirira kuti nkhani ndi ya atsekwe okha. Mwina ndikulakwa, ndipo ndikalakwa abwere adzanditukwane, khofi ndigula ine. Koma inu chitani ngati sindikulakwa.

Afunseni maso ndi maso, masana, mutakhala patebulo. Musazungulire. Muwafunse kuti, "Kodi mukufuna kutsika osabwerera?" Funso limeneli silipha munthu, chimapha n'kukhala chete. Akaseka, muwasiye aseke, kenako mufunsenso. Ife anthu oseka timabisa zambiri kuseri kwa mano, ndikudziwa chifukwa ndine mkulu wa mpingo umenewo.

Zsolt muimbireni lero. Zoti tisamusokoneze zisiyeni. Kuli bwino asokonezeke ndi telefoni ya amayi ake kusiyana ndi ya wansembe. Muuzeni zonse, za kandulo zomwe, ndipo abwere adzagone pakhomopo mpaka zitadutsa. Dokotala wanu wa anthu mumuuzenso, ndipo a Vendel akakana kupita, mupite inu mukamufotokozere. Zinthu zikaoneka kuti zafika pothina musadikire kuti kuche, imbani nambala ya zangozi. Uku si kupereka mwamuna kwa boma. Kupereka mwamuna n'kumusungira chinsinsi mpaka kumanda.

Réka mukambe naye tsiku lisanafike, a Vendel ali pomwepo. Mumupemphe kuti atsekwe azilowa ochepa pa nthawi imodzi, kuti odwalitsitsa ayambe ndiwo, ndiponso ngati n'kotheka Sajeni amubaye jakisoni ali m'manja mwa mwini wake. Mwina avomera zina, zina akana, koma safunsa anadya phula. Chachikulu mumupemphe ichi: alole a Vendel avale zoyera zija, ndi zotchinga pamphuno ndi m'manja, kuti atsekwe awatsogolere okha kuchoka m'khola mpaka pa bokosi. Adzaoneka ngati mkwatibwi wa ndevu, koma Sajeni adzawadziwa mawu. Kulasa kwa mpweya a Vendel sangakuchotse. Koma kuthamangitsidwa, kugwidwa mapiko ndi alendo, kukuwa kwa pabwalo, zimenezo angathe kuwachotsera, ndipo pa mantha a tsekwe gawo lalikulu ndi limenelo. Ngati akufuna ntchito yomaliza yowagwirira atsekwe awo, ndi imeneyi.

Musagwire mbalame zakufa ndi manja, matendawa nthawi zina amalumphira kwa munthu. Musaphe ngakhale mmodzi kuti mudye kapena mupatse mnansi. Chaka chino Marteni Woyera adye kabichi, sanafepo nayo.

Ndipo musamasuke galimoto ya boma ikangotuluka pachipata. Masiku oopsa ndi otsatirawo, pamene munthu adzuka m'mawa, watenga ndowa mwachizolowezi, n'kupeza pabwalo pali zii. Pamenepo a Vendel asakhale okha. A Ottó adutsamo kale m'zimenezi, aziima nawo pampanda n'kumatukwana boma limodzi, ndi mankhwala amenewo. Koma akhale ndi khofi m'manja, palinka mumubise kumene kuli kiyi.

Chenjezo langa kwa inu, mayi, ndi ili. Tsiku lina lililonse, chaka chino kapena china, mukadzapeza chitseko chija chili chotsegula, mwaitana ndipo sakuyankha, musadzatsike. Kuwani, itanani ozimitsa moto, tsegulani zonse zotseguka, koma phazi lanu lisadzaponde sitepe. Ndikudziwa kuti mwagwedeza mutu kuvomera, ndipo ndikudziwanso kuti mukunama.

N'chifukwa chake ndimalize ndi inu, a Vendel, poti ndamva kuti mumandiwerenga, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Mkazi wanuyu musamukalipire, wachita zimene Piroska anachita ndi ngowe. Mwandifunsa zoona kudzera mwa iye ndipo ndakuuzani, osachotsera. Atsekwe anu adzamva kuwawa kanthawi, ndipo inu mudzamva kwa nthawi yaitali. Aperekezeni mpaka pakhomo pa bokosi, muwayankhule monga mumachitira, kenako mutembenuke mubwerere kunyumba. Kandulo ija itengeni m'kabati muibwezere pa sitepe ndi manja anu. Mukunyadira kuti Sajeni amakutsatirani kulikonse, koma pakhomo panupo wokutsatirani si Sajeni yekha. Mukadzachedwa pansipo, amene adzatsike ndi mayi amene walemba kalatayi, akukunyozani kuti mwayamba kulawa nokha, ndipo kandulo sadzaikumbukira. Inenso sindinaikumbukire.

Agogo Ambrus